Davis Cup ya 1998: Zimbabwe inagonjetsadi Australia?

Chikondi BT: Akuluakulu ndithandizeni. Kuntchito kuno tili ndi mnzathu wa ku Harare, ndiye dzulo tinatsutsana mpaka tiyi kuzizira. Akuti dziko lawo linagonjetsapo Australia pa Davis Cup, ku Australia komweko. Ine ndamuuza kuti asandiyese mwana. Zimbabwe yomweyi? Pa tenesi? Tabetcherana nkhuku yamoyo.

Ankolo Jailosi: Mphwanga, pita kumsika ukagule nkhukuyo. Usankhe yonenepa, usamuchititse manyazi mlendo.

Chikondi BT: Aaa ankolo, zoona?

Ankolo Jailosi: Epulo 1998, ku Mildura. Zimbabwe 3, Australia 2. Ine ndinali ku Highfield, ku Harare, nthawi imeneyo, ndili ndi mano onse mkamwa.

Mabvuto wa ku Chipata: Musanapite patali. Ena a ife timadziwa mpira wamiyendo wokha. 3-2 imeneyi ndi zigoli kapena chiyani?

Aphunzitsi Mbewe: Si zigoli ayi a Mabvuto. Davis Cup ndi mpikisano wa matimu a mayiko, wa amuna, ndipo unayamba mu 1900 pamene America inasewera ndi Britain ku Boston. Momwe zinkakhalira nthawi ya 1998, mayiko awiri akakumana ankasewera masiku atatu. Lachisanu masewero awiri a mmodzimmodzi, Loweruka sewero limodzi la awiriawiri, Lamlungu awiri ena a mmodzimmodzi koma atasinthana adani. Onse pamodzi asanu, ndipo dziko loyamba kupambana atatu ndilo ladutsa. Sewero lililonse linkafika maseti (zigawo za sewero) asanu ngati palibe wogonja msanga, moti munthu ankatha kukhala m'bwalo maola anayi. Gulu lapamwamba linali la mayiko 16, wogonja n'kutuluka. Chinanso chofunika, musachiiwale chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo: dziko limene likulandira alendo ndilo linkasankha malo ndi mtundu wa bwalo, kaya kapinga, kaya dothi, kaya simenti.

Mabvuto wa ku Chipata: Ndamva. Ndiye mwini mudzi ankatchera yekha msampha.

Ankolo Jailosi: Eya, ndipo ku Mildura mwini msampha anakodwa yekha. Tamverani. A Australia anaona kuti alendo awo ndi ka dziko kongolowa kumene m'gulu lapamwamba, chifukwa Zimbabwe inali itangodutsa kumene pogonjetsa Austria ku Harare mu 1997. Ndiye anati tiyeni nawo pa kapinga, pamene ife timakulira. Anawatengera ku Mildura, ka tauni ka kumidzi m'chigawo cha Victoria, m'mbali mwa mtsinje wa Murray, kolima mphesa ndi malalanje. Chimene anachipeputsa n'chakuti timu ya Zimbabwe inali anyamata awiri a bere limodzi, Byron ndi Wayne Black, ndipo bambo awo a Don Black anaseweraponso ku Wimbledon zaka za m'ma 1950. Mdala ameneyu pakhomo pake ku Harare, pamene ankalima mapeyala, anakonza mabwalo a kapinga n'kumaphunzitsa ana ake yekha kuyambira ali tiana. Ndiye a Australia poganiza kuti akuwatengera kuchilendo, anawatengera kuseri kwa nyumba ya bambo awo.

NaPhiri Leeds: Ankolo mwaiyamba bwino koma musaiwale kunena kuti Australia imeneyo sinali yamasewera. Patrick Rafter anali atatenga US Open mu 1997. Pa awiriawiri anali ndi Todd Woodbridge ndi Mark Woodforde, amene anatenga Wimbledon zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1993 mpaka 1997, kuwonjezera golide wa ku Olympics ya 1996. Kaputeni John Newcombe, mphunzitsi Tony Roche. Chikho chimenechi anali atachitenga ka 26.

Chikondi BT: Ka 26?? Ndiye anagonja bwanji abale?

Aphunzitsi Mbewe: Tsiku loyamba Jason Stoltenberg anagonjetsa Wayne. Kenako Byron analowa ndi Rafter, n'kuluza seti yoyamba, koma atatu otsatirawo anatenga onse. 1-1. Loweruka Woodbridge ndi Woodforde anachita zomwe aliyense ankayembekezera, Australia n'kutsogola 2-1. Zimbabwe inafunika kupambana masewero onse awiri a Lamlungu. Rafter sanali bwino m'thupi, ndiye m'malo mwake anaikamo Woodforde, koma Wayne anamugonjetsa. 2-2. Lomaliza Byron anamuswa Stoltenberg maseti atatu osapuma.

Ankolo Jailosi: Aphunzitsi amafotokoza ngati akuwerenga rejisitala kkkk. Ndikuuzeni momwe zinalili kwathu. Kumeneko ali patsogolo ndi maola 8, ndiye iwo akumaliza madzulo ife kunali m'mawa wa Lamlungu. Ine ndimakonzeka za kutchalitchi, tayi ili m'khosi. Ndinangomva mnyamata wa nyumba yoyandikana akukuwa mu Chishona ngati kwagwa moto. Kutuluka, ndapeza wanyamula wailesi paphewa. Munthu amene sanagwirepo laketi chibadwire! Tsiku limenelo ngakhale a mvano potuluka m'tchalitchi nkhani inali ya ana a Black. Mukumbukire kuti nthawi inali yowawa. Novembala 1997 dola ya Zimbabwe inagwa tsiku limodzi, Januwale 1998 mu Harare munali zipolowe chifukwa cha mitengo ya ufa ndi buledi. Timu ya mpira wamiyendo inali isanapitepo n'komwe ku AFCON, inadzapita koyamba 2004. Anthu anali ndi ludzu la nkhani yabwino iliyonse.

Chikondi BT: Nanga ife kuno bwanji sitinamve?

Aphunzitsi Mbewe: Iwe unali usanabadwe mwina. Komanso kanema wa dziko lino anayamba 1999. Amene tinamva tinamvera pa BBC, wailesi ikulira phokoso ngati chiwaya.

Yamikani Joni: Ine ndisokonezeko pang'ono, mundikhululukire ankolo. Nkhaniyi ndimaimva kawirikawiri kwa anzathu a ku Zimbabwe kuno ku Johannesburg, ndipo amaikometsera kwambiri. Choyamba, Australia inali yosakwana. Mark Philippoussis, wa sevu ngati mfuti uja, sanasewere chifukwa anali atayambana ndi Newcombe ndi Roche. Rafter anadwala. Chachiwiri, tinene zoona: inapambana ndi Zimbabwe kapena banja limodzi la azungu lokhala ndi mabwalo akeake pakhomo? Mwana wa ku Mbare kapena ku Mufakose analipo pati pamenepo?

NaPhiri Leeds: Achimwene, choyambacho sindikuvomerezani. Rafter anagonja Lachisanu ali m'bwalo, laketi ili m'manja, ndipo chaka chomwecho anakatenganso US Open kachiwiri. Za Philippoussis, imeneyo ndi mbali ya mpikisano. Kusunga timu kuti isagawanike ndi ntchito ya kaputeni. Zimbabwe inalibe ngakhale woti n'kuyambana naye. Anthu awiri okha kusewera masewero onse asanu m'masiku atatu, wina akadangopotokola bondo basi zonse zatha. Ine ndimasewera tenesi Loweruka lililonse kuno, maseti awiri okha miyendo imachita kunjenjemera pokwera basi.

Yamikani Joni: Chabwino achemwali, nanga chachiwiricho?

Ankolo Jailosi: Chachiwiricho ndiyankhe ine, chifukwa mwana wa ku Highfield amene ukumunenayo ndine. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, anagwira ntchito m'mapulazi, kenako anakhala wa m'dimba kunyumba ya mzungu wina ku mayadi. Pakhomo pamenepo panali bwalo la tenesi. Bambo ndi amene ankalisesa ndi kulemba mizere yoyera ija, ine ndikapita patchuthi ndinkatola mipira. Kugwira laketi ayi. Tsiku lina ndinaigwira eni ake atachoka, bambo anandikwapula okha poopa kuti ntchito iwathera. Ndiye zimene ukunena sindikuzimva kwa iwe koyamba, ndinazimva pamsana. Koma tamvera mphwanga. Anyamata awo akanatha kukasewerera dziko lina kapena kungosamala za ndalama zawo m'mipikisano ya paokha, monga ankachitira akatswiri ambiri a mayiko olemera. Iwo chaka ndi chaka ankabwera kudzavala malaya a Zimbabwe. Ndipo ukanaona bwalo la City Sports Centre ku Harare masiku a Davis Cup, odzaza m'menemo tinali ife, ng'oma zikulira, anthu akuvina, oyimbira akuchita kupempha kuti tikhale chete munthu aponye sevu. Kwa ine inali Zimbabwe. Pamene ndikugwirizana nawe ndi apa: dziko linakondwera koma silinadzale. Linadya mapeyala a m'munda wa mdala Black osasunga nthangala.

Yamikani Joni: Apo ndiye tagwirizana. Ine vuto langa si khungu la osewerawo, ndi boma ndi mabungwe amene amajambulitsa ndi chikho chimene sanachivutikire.

Mabvuto wa ku Chipata: Zimenezo si za ku Zimbabwe kokha mwana wa mayi. Koma tiyeni tibwerere, atadutsa Australia anakathera pati?

Aphunzitsi Mbewe: Ku Prato, Italy, mu Julaye, patangotha sabata imodzi chithere World Cup ya ku France. Ndime ya makotafainolo. Ndipo a Italy sanabwereze kulakwa kwa Australia. Anawaika pa dothi lofiira. Zinatha 5-0.

Chikondi BT: Eish. Kusiyana kwake n'kotani kwenikweni? Bwalo si bwalo basi?

NaPhiri Leeds: Ayi mphwanga, ndi masewero awiri osiyana ovala dzina limodzi. Pa kapinga mpira ukagunda pansi umatsetsereka, sukwera, umabwera mwaliwiro cha m'mawondo. Amene ali ndi maso akuthwa ndi manja achangu ndiye mfumu. Byron sanali wamtali kapena wa sevu yoopsa, koma pobweza sevu anali katswiri, ndipo ankagwira laketi ndi manja awiri mbali zonse, kumanja ndi kumanzere komwe, chinthu chosowa kwambiri. Rafter ndi Stoltenberg masewero awo anali oponya sevu n'kuthamangira pa neti, ndiye Byron ankangowabwezera mpira kumapazi kapena kuwadutsitsa m'mbali. Pa dothi zonsezo zimafa. Dothi limaugwira mpira, umachedwa, umadumpha mpaka m'mapewa, ndipo mfundo imodzi mutha kubwezerana ka 20. Pamafunika wodziwa kutsetsereka ndi mapazi ndi kuzungulitsa mpira. Andrea Gaudenzi ndi Davide Sanguinetti anakulira pamenepo monga ana a Black anakulira pa kapinga.

Ankolo Jailosi: Ku Prato sitinakuwe. Mnyamata wa wailesi uja anangoti mabatire atha.

Mabvuto wa ku Chipata: Kkkkk ankolo inu.

Chikondi BT: Ndiye chikho anatenga Italy?

Aphunzitsi Mbewe: Ayi, Sweden. Ndipo chaka chimenecho chinali ndi zodabwitsa zambiri kuposa za Mildura zokha. Sweden yomweyo, imene inali ikuteteza chikho cha 1997, inatsala pang'ono kutuluka ndime yoyamba. Ku Bratislava inali kumbuyo 0-2 kwa Slovakia tsiku loyamba, n'kupambana atatu otsalawo. America nayo inapulumukira pakamwa pa Russia, 3-2, pamene Jim Courier anagonjetsa mnyamata wa zaka 18 dzina lake Marat Safin m'sewero lomaliza, ataluza seti yoyamba 0-6. South Africa inakwapulidwa 5-0 ndi Germany. M'masemifainolo Sweden inachotsa Spain 4-1 ku Stockholm, ndipo Italy inapita ku Milwaukee n'kukagonjetsa America kwawo 4-1.

Yamikani Joni: America yopanda Sampras, yopanda Agassi. Mukuona zimene ndimanena zija? Akuluakulu ankauthawa mpikisano umenewu.

NaPhiri Leeds: Ankauthawa ena, inde. Koma funsani Gaudenzi ngati unali wamasewera. Fainolo ya ku Milan, Disembala 1998, sewero loyamba iye ndi Magnus Norman. Anamenyana pafupifupi maola asanu, phewa la Gaudenzi lili lovulala kale. Seti yachisanu ili 6-6 mtsempha wa paphewa unaduka, munthu n'kulephera kukweza dzanja, anasiyira pomwepo pamaso pa anthu akwawo. Ine kanema wake ndinamuonera zaka zambiri pambuyo pake koma ndinagwetsa misozi. Zitatero Italy inatha mphamvu. Magnus Gustafsson anagonjetsa Sanguinetti, ndipo Loweruka Jonas Björkman ndi Nicklas Kulti anamaliza ntchito pa awiriawiri. 4-1.

Aphunzitsi Mbewe: Chinali chikho chachisanu ndi chiwiri cha Sweden: 1975, 1984, 1985, 1987, 1994, 1997, 1998. Chiyambire pamenepo sanachitengenso. Gaudenzi uja ndi amene anadzakhala wapampando wa ATP, bungwe loyendetsa mipikisano ya tenesi ya amuna, mu 2020.

Mabvuto wa ku Chipata: Koma taonani, ku Milan a Italy anasankhanso dothi eti? Ndiye msampha unakananso?

NaPhiri Leeds: Dothi, la m'nyumba. Koma a Sweden dothi amalidziwa kuyambira nthawi ya Björn Borg ndi Mats Wilander. Kusankha bwalo kumathandiza ngati mlendo ali ndi pofooka. Sweden inali ndi anthu a bwalo lililonse, wina akatopa ankangotulutsa wina. N'chimene Zimbabwe inalibe.

Aphunzitsi Mbewe: Pali kankhani kena kakale kolumikiza mayiko awiriwa. Mu 1968 Sweden inayenera kulandira Rhodesia (Zimbabwe ya lero) pa Davis Cup ku Båstad. Achinyamata a ku Sweden anachita zionetsero zokana boma la Ian Smith mpaka masewero analephereka, anakaseweredwa mwakachetechete ku France. Ndipo mu 1974 South Africa inapatsidwa chikho osasewera fainolo chifukwa India inakana kukumana nayo pokana tsankho. Ndiye funso la a Yamikani lija, lakuti timu ikuimira yani, mpikisano umenewu wakhala nalo kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti mu 1968 anthu ankagenda kuti timu ya ku Salisbury (Harare ya lero) isasewere, pamene mu 1998 a ku Highfield ankaivinira.

Yamikani Joni: Imeneyo sindimaidziwa aphunzitsi. Ndaitenga.

Chikondi BT: Nanga Australia inabwezera?

Ankolo Jailosi: Usandikumbutse. Chaka chotsatira, 1999, maere anawagwetsanso pamodzi, ulendo uno ku Harare. Anabwera atakwiya, Philippoussis ali momwemo, anatimenya 4-1, ndipo chaka chimenecho anakatenga chikho pogonjetsa France ku Nice. Koma imene imandiwawa mpaka lero ndi ya 2000. America inabwera ku Harare, kaputeni John McEnroe, Andre Agassi ali nambala wani padziko lonse. Ine ndinalowa tsiku la Loweruka, tikiti anandigulira mlamu wanga. Wayne Black ndi Kevin Ullyett anapambana awiriawiri, ife n'kutsogola 2-1. Usiku umenewo sindinagone. Lamlungu Agassi anagonjetsa Byron, zimenezo tinkaziyembekezera. Lomaliza Wayne ndi Chris Woodruff, munthu amene Byron anali atamuswa kale Lachisanu. Tinkadziwa kuti yalowa m'thumba. Woodruff anapambana. 3-2. Pobwerera m'kombi munali zii ngati tikuchokera kumanda.

NaPhiri Leeds: Pepani ankolo. Koma banja limenelo linapitiriza. Wayne ndi Ullyett anatenga US Open 2001 ndi Australian Open 2005 pa awiriawiri. Mlongo wawo Cara anafika pa nambala wani padziko pa awiriawiri a akazi, ndipo iye ndi Wayne anatenga French Open 2002 ndi Wimbledon 2004 pa awiriawiri osakaniza. Byron anali atatenga kale French Open ya awiriawiri mu 1994. Ana atatu a nyumba imodzi, onse ndi zikho za Grand Slam, mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi.

Yamikani Joni: Ndipo atapuma iwo, Zimbabwe inatsika m'magulu apansi. Mfundo yanga ija.

Mabvuto wa ku Chipata: A Yamikani simugonja inu kkkk. Ine funso langa ndi lina. Masiku ano zoterezi zingachitikenso? Ka dziko kakang'ono kulandira Agassi wa lero pakhomo?

NaPhiri Leeds: N'zovuta. Mu 2019 anasintha zonse, kampani ya Gerard Piqué wa mpira wamiyendo uja italowetsapo ndalama. Anasonkhanitsa mayiko 18 ku Madrid sabata imodzi, maseti atatu m'malo mwa asanu, masewero atatu m'malo mwa asanu. Ndime zoyambirira zokha ndi zimene zimaseweredwabe kwawo kwa wina. Mgwirizano ndi kampaniyo unatha mu 2023 koma fainolo ya pakhomo sinabwerere momwe inalili. Ine ndinapitako kamodzi ku Manchester pamene ankachitira ndime ya magulu. Tsiku limene Britain sinali kusewera, mipando yambiri inali yopanda anthu, mayiko awiri achilendo akumenyana pamaso pa ife ochepa amene tinangobwera chifukwa tikiti inali yotchipa. Tenesi inali yabwino, koma ndinkangoganiza za ng'oma zimene ankolo akunenazi.

Aphunzitsi Mbewe: Tisakometsenso zakale mopitirira. Dongosolo lakale linali lolemetsa osewera. Kanayi pachaka, kusintha bwalo, kuwoloka nyanja, sabata yotsatira uli ndi mpikisano wako wa ndalama. N'chifukwa chake Sampras ankapezeka mwa apo ndi apo. Italy yomwe inalira ku Milan ija yatenga chikho mu 2023 ndi 2024 ndi Jannik Sinner m'dongosolo latsopanoli, itadikira kuyambira 1976. Kawafunseni ngati akudandaula.

Ankolo Jailosi: Iwo sangadandaule aphunzitsi, anali ndi ndege zokaonera mafainolo awiriwo ku Malaga, Spain. Ine Agassi ndinamuona ndi maso angawa, mutu wake wonyezimira uja, nditakwera kombi imodzi yokha kuchokera ku Highfield. Mdzukulu wanga Sinner adzamuonera pafoni basi, bandulo ikalola.

Chikondi BT: Ndamva zonse akuluakulu. Koma poti Philippoussis sanasewere ndipo Rafter anadwala, sindingamupatse theka la nkhuku?

NaPhiri Leeds: Iwe!

Yamikani Joni: Ngakhale ine wotsutsa sindingakuikire kumbuyo pamenepo mphwanga. Pereka yonse.

Ankolo Jailosi: Yonse, ndi nthutumba yomwe. Ndipo umufunse mnzakoyo kuti kwawo ndi mbali iti ya Harare. Akati Highfield, undipatse dzina la agogo ake, mwina ndi mwana wa uja wa wailesi.

Chikondi BT: Ndamufunsa. Akuti Mufakose, ndipo akuti nkhukuyo ikhale yachikuda, ya chizungu sakufuna.